Za Mau Asanu a Chilatini Owerengeka Mbali Zonse

Akulu a mpingo, ndi inu aphunzitsi a sukulu za m'midzi, kuyambira ku boma la Mzimba kufikira ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda ndi ku Luwerezi: tengani sileti, mulembepo mizere isanu ya zilembo zisanu zisanu, chilembo pansi pa chinzache, motere:

S A T O R
A R E P O
T E N E T
O P E R A
R O T A S

Werengani monga tiwerengera masiku onse, kuchokera kumanzere kunka kumanja, ndipo mupeza mau asanu: Sator, Arepo, Tenet, Opera, Rotas. Tsono yambani pamwamba, mutsike ndi mzere uli wonse, ndipo mau ali omwewo. Pitani pa ngondya ya pansi ya ku dzanja lamanja, muwerenge chobwerera, kapena mukwere chokwera, sasinthika ai. Zilembo zonse ziri 25, koma mitundu yache ndi 8 yokha, ndipo N ali mmodzi, wakhala pakati peni-peni monga mzati wa nyumba. Popeza zilembozi zalukana m'litali ndi m'mimba, ife m'nkhani yino tidzazitcha mkeka wa zilembo. Mkeka umenewu wakhala m'manja mwa anthu zaka zoyandikira 2,000, nuyenda maiko ambiri, nufika ndi m'Africa momwe. Ndipo mbiri yache iri ndi kanthu kotikhudza ife amene zilembo zinatifika posachedwa.

Mauwa ndi a Chilatini, chinenero cha Aroma. Sator ndiye wofesa mbeu, ndipo Aroma ankatchula nalo dzinali mulungu wao wamkulu, monga wobala zonse. Tenet ndiko kuti agwira. Opera ndi nchito, kapena kuchita chinthu mwakhama. Rotas ndi magudumu. Tikawalumikiza, atuluka mau onena kuti wofesa Arepo agwira magudumu mwakhama. Tinene zoona, mau amenewa ngopepuka. Mnyamata woyendetsa ngolo pa mseu wa ku Jenda angathe kunena zanzeru zoposa izi.

Ndipo Arepo ndani? Apa ndipo pagona mfundo yoyamba, pakuti liu limeneli silipezeka m'buku liri lonse la Chilatini, koma mu mkeka uno mokha. Jérôme Carcopino wa ku France anati lichokera ku chinenero cha anthu a ku Gaul, ndi kuti litanthauza khasu la ng'ombe. J. Gwyn Griffiths wa ku Wales, m'chaka cha 1971, anati ndi dzina la munthu wa ku Egypt. Onsewa anali anthu ophunzira koposa, ndipo sanamvane.

Zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya ankaudziwa mkekawu monga mankhwala, osadziwa ukalamba wache. Ankaupeza pa makoma a machalichi akale ndi m'mabuku a asing'anga, nayesa kuti unayamba masiku a makolo ao Achikristu. Koma m'chaka cha 1868, ku Cirencester m'dziko la England, anaupeza wokandidwa pa khoma la nyumba ya masiku a Aroma, ndipo unali wotembenuka: Rotas pamwamba, Sator pansi. Pamenepo anazindikira kuti chinthuchi n'chakale koposa m'mene ankaganizira.

M'chaka cha 1926 mbusa wina wa ku Germany, dzina lache Felix Grosser, analengeza chinthu chimene chinadabwitsa ophunzira onse. Ndipo anthu ena awiri, Christian Frank ndi Sigurd Agrell, anachiona paokha m'zaka zomwezo. Anamasula mkeka wonse, natenga zilembo zache 25, naziyala mwa mtundu wina. Zinatuluka PATER NOSTER kawiri, kamodzi choimirira, kamodzi chopingasa, zokomana pa N uja mmodzi, kotero kuti zinapanga mtanda. Pater noster ndiwo mau awiri oyamba a Pemphero la Ambuye m'Chilatini, ndiko kuti Atate wathu. Zinatsala zilembo zinai, A awiri ndi O awiri, ndipo Grosser anati amenewo ndiwo Alefa ndi Omega a m'buku la Chibvumbulutso. Inu aphunzitsi yesani nokha ndi tizidutswa ta pepala. Mudzaona kuti palibe chilembo chosowa, palibenso chotsalira. Tsono anati: taonani, ichi ndi chizindikiro chobisika cha Akristu a masiku a mazunzo. Mkristu ankachilemba pa khoma lache, msilikali wa Kaisara napita osaona kanthu koma mau a wofesa ndi magudumu, pamene mbale wapaulendo ankazindikira kuti m'nyumba muno muli abale.

Ndani mwa ife sakondwera pakumva nkhani yotere? Ndipo poyamba zofukulidwa zinaoneka ngati zibvomereza. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, anthu ofukula zakale anapeza mikeka inai ku Dura-Europos, mudzi wa asilikali a Roma pa mtsinje wa Euphrates ku Syria, umene unapasulidwa ndi Aperisi pafupi ndi chaka cha 256. M'mudzi momwemo anapezamo nyumba yopemphereramo Akristu, imodzi mwa zakale koposa zodziwika. Koma munalinso sunagoge wa Ayuda, ndi kachisi wa mulungu wa asilikali wotchedwa Mithras. Ndipo mikekayo sinali m'nyumba ya Akristu ai, inali m'zipinda za asilikali, m'kachisi wa mulungu wina wamkazi.

Chimene chinagwedeza zonse chinachokera ku Pompeii, mudzi wa ku Italy. M'chaka cha 79 phiri la Vesuvius linaphulika, ndipo phulusa ndi miyala zinakwirira mudzi wonse pamodzi ndi anthu amene sanathawe. Unakhala chikwiririke kufikira 1748, pamene anayamba kuufukula. Potero chiri chonse chopezeka pa makoma ache chinalembedwa chisanathe chaka cha 79. Tsono m'chaka cha 1936 Matteo Della Corte, amene anatha moyo wache akuwerenga zolembedwa pa makoma a mudziwo, anapeza mkeka wathunthu wokandidwa pa nsanamira ya bwalo lalikulu la masewera. Ndipo pomwepo anazindikira kuti zilembo zoduka zimene zinapezeka m'chaka cha 1925 m'nyumba ya Paquius Proculus zinali za mkeka womwewo. Mikeka iwiri m'mudzi umodzi, zisanathe zaka 50 chipachikidwire Ambuye.

Apa tiime pang'ono, tiuweruze mlandu monga achitira akulu pabwalo, kumva mbali zonse ziwiri.

Kodi ku Pompeii kunali Akristu? Sikosatheka. Buku la Machitidwe, mutu 28, litiuza kuti Paulo, popita ku Roma ali wandende, pafupi ndi chaka cha 60, anatsika m'ngalawa ku Puteoli, napeza abale kumeneko, nakhala nao masiku 7. Kuchokera ku Puteoli kufika ku Pompeii ndi mtunda wosaposa mailosi 30, pa gombe limodzi. Ngati Mau anafika padooko, sakadalephera kufika kumsika wa mudzi woyandikana nao.

Koma mbali yinayo iri ndi mboni zambiri. Akristu a ku Italy masiku amenewo ankapemphera m'Chihelene, si m'Chilatini ai. Paulo mwini analembera Aroma kalata wache m'Chihelene, ndipo Malembo a m'Chilatini ayamba kumveka patapita zaka zinanso 100, makamaka kumpoto kwa Africa, m'dziko la Carthage. Nanga Pater noster wa Chilatini akadachokera kuti chisanafike chaka cha 79? Ndiponso buku la Chibvumbulutso, m'mene muli Alefa ndi Omega, ambiri ati linalembedwa pafupi ndi chaka cha 95, Pompeii ali kale pansi pa phulusa. Mtanda nao sunali chizindikiro chojambulidwa pa makoma m'mbadwo woyamba uja, pakuti unali ukali mtengo wophera akapolo. Carcopino, pofuna kupulumutsa maganizo a Grosser, anati kapena anthu anabwerera pambuyo pache, nakumba m'phulusa kufunafuna chuma, nalemba mkekawo pamenepo. Koma ofukula ambiri sanabvomereze, popeza panalibe umboni wakuti phulusa la pa nsanamira ija linakumbidwapo.

Pakuona izi, ena anaupereka mkekawo kwa Ayuda, nakumbutsa za magudumu a m'masomphenya a Ezekieli. Ena anaupereka kwa opembedza Mithras, ena kwa anthu a nzeru za Ahelene. Yense anapezamo chimene anadza nacho.

Ife, titamva zonsezi, tigamula motere, ngakhale mtima ukadakonda zina: woyamba kuluka mkekawu ankasewera. Aroma ankakonda masewera a zilembo monga ana athu akonda ndagi madzulo. Makoma a Pompeii ali odzaza ndi zolembalemba zikwi zambiri, za chikondi, za ngongole, za chipongwe, ndi za ana ophunzira a-b-c. Ndipo m'mudzi momwemo munapezeka mkeka wina waung'ono wa mau anai, Roma, Olim, Milo, Amor, wowerengeka mbali zonse chimodzimodzi, umene palibe anauyesa pemphero. Tsono lingalirani za Arepo. Woluka mkeka alibe ufulu. Akaika Opera pa mzere wina, mzere wopenyana nao uyenera kukhala Opera wowerengedwa chobwerera, ndiye Arepo. Tiyesa kuti munthuyo anapeza mau anai abwino, lachisanu linamkanika, ndipo analisiya chomwecho kuti likhale ngati dzina la munthu. Ophunzira akhala zaka 100 akufunafuna makolo a Arepo, pamene mwina atate wache ndi kusowa chochita basi.

Kuti muone kubvuta kwa nchito yotere, yesani kuluka mkeka m'chinenero chathu. Mau owerengeka chobwerera tiri nao: ana, awa, uyu, amama, ndi adada a Chitumbuka. Koma mkeka wathunthu sungatheke, ndipo chifukwa chache n'chokoma kuchiphunzitsa. Mau athu onse, m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka momwe, amathera pa a, e, i, o kapena u. Mu mkeka liu liri lonse liyenera kuwerengekanso chobwerera, potero liyenera kuyambanso ndi chimodzi cha zilembo zisanu zomwezo. Koma zilembo zoyamba za mau onse asanu, zikaikidwa pamodzi kutsika pansi, ndizo zipanga liu loyamba. Ndiye kuti liu loyambalo likadakhala la a, e, i, o, u okha-okha, lopanda chilembo china. Liu lotere la zilembo zisanu tiribe. Chilatini chilola mau kuthera pa r, pa s ndi pa t, ndipo ngakhale chomwecho mlukiyo anapunthwa pa liu limodzi.

Nanga Pater noster uja? Alimodi, sitingakane. Koma zilembo za mkekawu ndizo zofala koposa m'Chilatini, ndipo anthu ena, poziyala mwa njira zina, atulutsamo mapemphero ena, ngakhale mau oitana Satana. Tizindikirenso kuti m'zaka zonse zimene Akristu anausunga mkekawu, palibe mmodzi wa iwo analemba kuti muli Pemphero la Ambuye. Chinsinsicho chinadikira mbusa wa 1926.

Pakuti Akristu anautengadi pambuyo pache, ndipo apa mbiri iri poyera. Anaona kuti Tenet awiri apingasana pakati napanga mtanda, ndi kuti nsonga zache zinai zonse ndi T, chilembo chimene Akristu akale ankachifanizira ndi mtanda. Anakumbukiranso fanizo la wofesa, ndipo m'masiku ao Sator anakwera pamwamba, Rotas natsika pansi. Mkekawu uli m'Baibulo lina lolembedwa pamanja m'chaka cha 822 ku France, uli pa khoma la chalichi chachikulu cha ku Siena, ulinso m'machalichi ena a m'midzi ya ku England. Koma m'mene unkayenda kunka kwa anthu osamva Chilatini, tanthauzo linkatsalira m'mbuyo, maonekedwe okha napitirira. Ku Cappadocia, m'machalichi osemedwa m'matanthwe, ojambula anatenga mau atatu oyamba nawapatsa abusa a ku Betelehemu, kuti akhale maina ao: Sator, Arepon, Teneton.

Ulendo wache wa m'Africa ndiwo tiuone bwino. Akristu a ku Egypt anaulemba pa mapale ndi pa mapepala m'zilembo zao, monga njirisi. Kuchokera kumeneko unakwera ndi mtsinje wa Nile kufika ku Nubia, kumene kunali maufumu Achikristu zaka mazana ambiri Azungu asanaponde kuno. Pafupi ndi Faras, m'phanga lina la m'chipululu, m'zaka za m'ma 700, mauwa analembedwa pa khoma pamodzi ndi mau onena kuti awa ndiwo maina a misomali ya Kristu. Malowo anamira m'madzi a damu la Aswan m'zaka za m'ma 1960, koma zolembedwazo zinali zitakopedwa kale. Ku Ethiopia mainawo anafika atasanduka Sador, Alador, Danat, Adera, Rodas, ndipo anthu ankawatchula monga maina a misomali kapena a mabala asanu a Ambuye, nawalemba m'zikopa zopachika m'khosi ndi zoika pamodzi ndi akufa. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Yesani kuwayala mau a ku Ethiopia aja pa sileti: salukana, sawerengeka chobwerera, Alador ali ndi zilembo 6. Chinthu chimodzi chokha chimene mkekawu unali nacho chodabwitsa chinatayika panjira, ndipo m'mene chinatayika ndi m'mene ulemu wache unakula.

Azungu nao sanachite mwina. Ankaulemba pa mbale ndi kuuponya m'nyumba yoyaka kuti moto uzime. Ankaumanga pa thupi la mkazi wobvutika pobala, kapena kuulemba pa chakudya kuti adye. Ankaupatsa ng'ombe kuti mfiti zingazilodze. Koposa zonse ankaulemba pa mkate ndi kudyetsa munthu wolumidwa ndi galu wachiwewe. Ajeremani osamukira ku America anapita nao, ndipo m'chaka cha 1820 John George Hohman anausindikiza m'buku lache la mankhwala ku Pennsylvania. Tisayese kuti zithumwa ndi nthenda ya anthu akuda okha. Anthu amenewa anali obatizidwa mibadwo ndi mibadwo, okhala m'mthunzi wa machalichi a miyala.

Tsono tifike kwathu. Zilembo zinalowa m'dziko la Angoni m'chaka cha 1882, pamene William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wochokera ku Lovedale, anakhala ku Njuyu pafupi ndi Inkosi M'mbelwa. Zaka zinai mafumu anakaniza sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzakana nkhondo, ndipo chilolezo chinadza m'chaka cha 1886, chaka chomwe Koyi anamwalira. M'zaka zoletsedwazo anyamata ena ankadza usiku mobisika kudzaphunzira, ndipo mwa iwo munali Mawelera Tembo ndi mbale wache Makara, ana a sing'anga, amene anabatizidwa m'chaka cha 1890, oyamba m'dziko la Angoni. Donald Fraser atatsegula Loudon ku Embangweni m'chaka cha 1902, sukulu zinafalikira m'midzi ya kumwera kuno. Lingalirani tsono munthu wa masiku amenewo, woona pepala likuchokera ku Bandawe, lopanda pakamwa, koma likuuza mnzache zimene zinanenedwa kunyanja. Kodi akadalakwa kwambiri poyesa kuti mphamvu iri m'timizere takudato? Mwana wa sing'anga uja anapyola pamenepo chifukwa anaphunzira kuwerenga kufikira kumva. Kwa iye chilembo chinasanduka kapolo wa mau. Koma amene aima pakati pa njira, woona zilembo osamva chonenedwa, ndiye ali pamene anaima anthu a ku Faras.

Ndipo anthu otere sanathe. M'zaka za 1933 ndi 1934 anyamata a Mchape anayenda m'Nyasaland ndi m'Northern Rhodesia, nafika ndi kuno kumpoto, obvala Chizungu, ali ndi kalilole m'manja, olankhula mau ofanana ndi a m'chalichi. Anaunjika nyanga ndi zithumwa zakale pa mphambano, nagulitsa zithumwa zao zatsopano. Anthu sanataye chithumwa, anangosintha malaya ache. Chomwecho lero alipo ogona ndi Baibulo kumutu osalitsegula, alipo osokera vesi m'kansalu ndi kumanga m'khosi mwa khanda, alipo ogula pa msika kapepala ka zilembo zachilendo, ndipo m'mene zilembozo zisamvekera ndi m'mene mtengo wache ukwerera. Chifukwa chache, aphunzitsi, mukaulemba mkekawu pa bolodi, musaufute musanamasulire liu liri lonse ndi kuuza ana za Arepo; mukapanda kutero, mudzaupeza chaka chamawa uli m'chiuno mwa mwana wodwala malungo, amene anayenera kukhala kuchipatala.

Za galu uja tinenepo momveka, popeza agalu achiwewe alipo m'midzi mwathu. Mkate wa zilembo unatchuka chifukwa si galu yense woluma ali ndi chiwewe, ndipo si yense wolumidwa ndi wachiwewe atenga nthendayo. Opulumuka ankatama mkate, akufa sankabwera kudzatsutsa. Koma nthendayo ikayamba kuoneka m'thupi, palibe chiyembekezo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite tsiku lomwelo ku chipatala cha Embangweni kapena cha Mzimba, kapena china chapafupi, akalandire katemera, ndipo amalize jekeseni zonse zimene adzamuuza.

Katemera ameneyo anayamba m'masiku omwe Mawelera Tembo ankaphunzira usiku ku Njuyu. Pa 6 July 1885 mkazi wina wa ku Alsace, ku malire a France ndi Germany, maiko omwewo kumene mkate wa zilembo unadyedwa zaka mazana ambiri, anafika ku Paris kwa Louis Pasteur ndi mwana wache wa zaka 9, dzina lache Joseph Meister, wolumidwa mabala ambiri ndi galu wachiwewe. Pasteur anali atayesa mankhwala ache pa agalu, ndipo anaopa. Koma madotolo anamlimbitsa mtima, ndipo mwanayo anabayidwa jekeseni 13 m'masiku 11. Sanadwale. Atakula anagwira nchito yaulonda pa chipata cha nyumba ya maphunziro yotchedwa ndi dzina la Pasteur, nakhala ndi moyo kufikira chaka cha 1940.